Ufa Wofiira wa pa Depoti

Mu msewu wa kuseri kwa msika wa thonje ku Yavatmal munalibe mayi amene sanatchulepo dzina la Mangala Dhote pokalipira mkazi wa mwana wake. "Kaoneni kwa a Dhote," ankatero, "mkazi wa Bhaskar uja watha zaka zisanu ndi zinayi osagona kunja ngakhale tsiku limodzi." Ndipo sikunali kukokomeza.

Mangala anabadwira kumudzi wina kufupi ndi Wani, mwana wachitatu wa mlimi wa thonje. Sukulu analekeza panjira, koma singano ndi ulusi zinkamumvera kuyambira ali wamng'ono. Atakwatiwa ndi Bhaskar, kondakitala wa mabasi, anabwera m'tauni ndi makina osokera amene bambo ake anamupatsa, nawaika pakhonde. Amayi a m'deralo ankati bulauzi yosoka Mangala sifinya m'khwapa. Mwana anali naye mmodzi, Omkar, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali atayamba ntchito ku Pune.

Apongozi ake, a Anusaya, sitiroko inawagwira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, m'mawa wina akuthyola maluwa oti akaike paguwa la m'nyumba. Dzanja lamanja ndi mwendo zinauma, koma pakamwa panatsala pamoyo. Kuyambira tsiku limenelo Mangala ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi kukataya zam'chikho. Akamufuna ankagogoda kapu yachitsulo ndi supuni, ngo ngo ngo, ndipo makina ankaima pakati pa msoko. Sanali nkhalamba yoipa mtima ayi. Kalekale Mangala atapita padera kawiri, achibale atayamba kunong'onezana zoti Bhaskar apeze mkazi wina, a Anusaya ndiwo anaima pakhomo nati, "Amene akufuna kuchotsa mwanayu ayambe wachotsa ine." Mangala sanaiwale zimenezo.

Tsiku lina mu Disembala kunabwera Sulbha Raut kudzayezetsa bulauzi. Sulbha anali mayi wamasiye wogwira ntchito ku ofesi ya zamadzi, mnzake wa Mangala wa zaka zambiri, wa pakamwa posatseka.

"Kweza mkono," anatero Mangala, tepi ili kukamwa.

"Iwe Mangala, nkhope yako yayamba kufanana ndi khomali. Unatulukako liti pakhomo pano?"

"Dzulo ndinapita kukagula ulusi."

"Ulusi! Choka iwe. Tamvera, mu Malichi tikupita kunkhalango ya Tadoba kukaona akambuku, amayi asanu a kuntchito kwathu. Galimoto yake imanyamula anthu asanu ndi mmodzi. Tikagona usiku umodzi wokha. Bweretsa chiphaso chako, mayina amalembetsa kudakali miyezi."

Mangala anaseka, nati nanga Amayi atsala ndi yani. Komabe mawuwo anamulowa. Ali mwana, bambo ake ankagona pansanja kumunda kulondera nguluwe, ndipo ankakonda kusimba za m'bandakucha wina pamene kambuku anadutsa pansi pa nsanjayo, mizere yake ikuoneka bwinobwino, fungo lake ngati la mpunga wongophulidwa kumene. Mangalayo kambuku anali atangomuona pakalendala. Koma kunena zoona, mawu amene anamukoka kwambiri anali akuti usiku umodzi. Sulbha asanatuluke, Mangala analowa kuchipinda nabwera ndi chiphaso.

Poyamba anayesa kunena zoona. Madzulo ena akugawa chapati anangoti, "Sulbha akuti akupita kukaona akambuku ku Tadoba."

Bhaskar anaseka mpaka kutsamwa. "Anthu osowa chochita! Kulipira kuti ukadyedwe?"

"Mkazi wopanda mwamuna amayenda ngati mbuzi yodula chingwe," anawonjezera a Anusaya ali pabedi pawo.

Mangala anameza mawu ake. Anawasunga miyezi iwiri, ndipo atawatulutsanso anali atasintha. Anati akufuna kupita kukachisi wa mulungu wamkazi Renuka ku Mahur, pamodzi ndi Sulbha, kukapempherera Amayi, ndipo adzagona komweko kuti akapezeke pa mapemphero a m'mawa.

Zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Bhaskar anati ndi nzeru yabwino. Chhaya, mchemwali wake wa Bhaskar, anavomera kupempha tchuthi kusukulu kumene ankaphikira ana ku Wardha kuti adzakhale ndi mayi ake. Ndipo a Anusaya analira. Anamutuma Mangala kuti atsegule bokosi lawo lachitsulo, ndipo pansi penipeni panali sari, nsalu yovala amayi, yobiriwira, yatsopano, ya mphonje zagolide.

"Ndinalonjeza kwa Renuka chaka chimene Omkar anachira chibayo chija," anatero. "Ndinkangoti mawa, mawa, mpaka miyendo inandikana. Ukamupatse iwe, mwana wanga. Utengenso kokonati. Ukamuuze kuti mwendo asavutike nawo, andibwezere dzanja lokha, ndizidya ndekha. Ndipo ubwere ndi ufa wofiira wa paguwa pake, wopaka pamphumi uja."

Mangala analandira nsaluyo ndi manja awiri. Apa m'pamene akanabwerera. Anadziwa zimenezo, ndipo sanabwerere.

Basi ya ku Mahur ndi basi ya ku Chandrapur, yolowera ku Tadoba, zimaima moyandikana padepoti. Bhaskar anali pa ulendo wa ku Nagpur tsiku limenelo, komabe Mangala anadzifunda kumutu mpaka basi itatuluka m'tauni, poopa anzake a mwamuna wake. Amayi a kuofesi aja ankaimba ndi kupatsirana mtedza wokazinga. Iye anangofungatira chikwama, kokonati ikumugunda pamimba pa bampu iliyonse.

Anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Atasiya katundu kunyumba ya alendo ya pafupi ndi chipata, anakwera galimoto yopanda denga. Chikwama Mangala anakana kusiya. Woperekeza alendo anali mtsikana wa kumudzi wa pomwepo, wovala yunifolomu yobiriwira, dzina lake Lalita Kumre. Iyeyu anatolera mafoni onse nawatsekera m'kabokosi, nati m'nkhalango saloledwa.

Loko wa kabokosiko atangoti khethe, Mangala anamva thupi lake kupepuka. Kwa maola anayi palibe amene akanamuitana. Anachita manyazi ndi kupepukako, koma sikunachoke.

Tsiku limenelo kambuku sanaoneke. Anaona agwape a mawangamawanga, njati zakuda za miyendo yoyera ngati zavala sokosi, ndi chimbalangondo chikukumba chulu. Fumbi lofiira linawalowa mpaka m'mano. Sulbha anadandaula njira yonse. "Iwe Lalita, akambuku akowa apita kumaliro?"

"Amayi, kambuku si kalaliki wa kuofesi kwanu woti mum'peza pampando," anayankha mtsikanayo, galimoto yonse n'kufa nacho chiseko.

Madzulo Mangala anaimba foni kunyumba. Chhaya anaiika pakhutu pa mayi ake.

"Wakwera kale masitepe aja?" anafunsa a Anusaya.

"Ndakwera, Amayi."

"Miyendo sikupweteka? Ngambiri, ine ndimawadziwa."

"Pang'ono chabe."

"Renuka akuona, mwana wanga. Akuona zonse."

Mangala anadula foni msanga. Anaganiza kuti tulo sitibwera, koma atangoika mutu papilo sanadziwenso kanthu mpaka Sulbha atamugwedeza kuti galimoto yafika.

M'mawa umenewo kunkazizira. Anayenda ola lathunthu pakati pa nsungwi zouma osaona kanthu. Kenako Lalita anagwira phewa la dalaivala, galimoto n'kuima. Kwinakwake gwape analira kamodzi, mawu akuthwa. Anyani pamtengo anayamba kukhosomola mwaukali, onse atayang'ana mbali imodzi.

"Musayankhule," ananong'ona Lalita. "Akubwera."

Masamba ouma anati tswa, tswa. Ndiyeno nsungwi zinapatuka, ndipo kambuku wamkazi anatulukira pamsewu. Sanathamange, sanawayang'ane n'komwe. Ankaponda fumbi mwaulemu ngati mayi woyenda m'bwalo la nyumba yake, mapewa akukwera ndi kutsika, dzuwa la m'mawa likuyaka paubweya wake. Atafika pafupi ndi galimoto, pafupi moti Mangala anaona ntchentche pakhutu pake, anaima, natembenuza mutu. Maso achikasu aja anadutsa pa Sulbha, anadutsa pa amayi ena aja, anadutsanso pa Mangala, osapeza chomuimitsa. Anayasamula, nawoloka msewu, n'kulowa m'udzu.

Mangala anapeza kuti akulira. Sanalire chifukwa cha bodza, ndipo ichi ndicho chinadzamuvuta kwambiri pambuyo pake. Analira chifukwa chokondwa. Pa mphindi zimenezo sanakumbuke apongozi ake, mwamuna wake, ngakhale mwana wake. Atatsitsa maso m'pamene anaona kuti zala zake zakanirira pachikwama, pamene panali sari ya a Anusaya.

Atatuluka pachipata anakokera Sulbha pambali. "Nanga izi nditani nazo? Kunyumba sindingabwerere nazo."

"Kokonatiyo iswe apo," anatero Sulbha, akuloza kamwala kopakidwa utoto wofiira pansi pa mtengo, pamene anthu a m'mudzimo amapembedza. "Nsaluyo patsa mtsikanayu. Si paja ansembe amati Renuka amakhala mwa mkazi aliyense? Ndiye vuto lili pati?"

Mangala anadziwa kuti awa ndi mawu ongodzitonthoza nawo, komabe anachita zomwezo. Lalita anakana kawiri, kachitatu analandira, naigunditsa pamphumi. Ufa wofiira Mangala anaugula padepoti ya ku Warora posintha basi, kwa bambo wina amene ankagulitsanso zipeso ndi mabatire. Anamukulungira m'kachidutswa ka nyuzipepala.

Kunyumba anapeza Chhaya maso ali psuu. "Alamu, inu ndinu munthu kapena chitsulo? Kasanu konse andidzutsa. Ine tsiku limodzi lokha msana wathyoka." A Anusaya anamuitana kuti ayandikire, ndipo ndi dzanja lawo lamoyo anafuna kugwira mapazi ake, poti aponda pakhomo pa Renuka. Mangala anabwerera m'mbuyo ngati waponda khala la moto.

"Ayi, Amayi, ndi afumbi!"

"Fumbi limenelo ndilo ndikulifuna," anatero, namugwira ndithu.

Ufa uja anauthira m'kambale kamkuwa, ndipo m'mawa uliwonse Mangala ankawapaka pang'ono pamphumi ndi padzanja louma lija. Mtima ukamutsutsa, ankatenthetsa mafuta n'kuyamba kulisisita dzanjalo, chala chimodzichimodzi, kulipinda ndi kuliwongola monga adokotala anamulangizira kalekale, zimene anali atazisiya chifukwa cha kutopa. Tsopano ankachita kawiri pa tsiku, nthawi zina katatu, mabulauzi a anthu akudikira.

Mvula yoyamba itagwa mu Juni, chala chachikulu chinagwedezeka. Patatha milungu itatu a Anusaya anagwira chidutswa cha chapati ndi dzanja lamanja, nachifikitsa kukamwa chikunjenjemera.

Nkhani inawanda msewu wonse. Amayi ankabwera kudzaona chozizwitsa, ena ndi timapepala kuti apatsidweko ufa. Wina anabwera ndi khanda lotentha thupi, ndipo Mangala anamukalipira mpaka anthu anadabwa: "Pita naye kuchipatala pompano, ufa ngwachiyani!" Akamamutamanda ankangoweramira pamakina. Anayamba kuonda. Sulbha atabwera ndi zithunzi za ulendo uja, anamubweza pachipata osaziona.

Ndiye a Anusaya analamula kuti apite nawo ku Mahur akathokoze okha. Bhaskar anabwereka galimoto kwa mnzake, ndipo Lamlungu lina mu Okutobala ananyamuka atatu. Njira yonse nkhalambayo inkafunsa: kodi munagona nyumba iti, kodi mtengo waukulu wa pachipata udakalipo? Mangala ankayankha mawu amodziamodzi.

Pansi pa phiri panali timisika tambirimbiri ta maluwa, kokonati ndi ufa wofiira wounjikidwa ngati zulu. Bhaskar anapeza amuna anayi onyamula okalamba pamachila, nawakhazika mayi ake.

"Dikirani," anatero a Anusaya. "Mangala, kokonati yako ija unaswera kuti? Maluwa unagula kwa yani? Ndikufuna tigule kwa yemweyo, dzanja lake ndi lamwayi."

Mangala anayang'ana mzere wa nkhope zimene anali asanazionepo, naloza bambo wina wa ndevu zoyera.

"Bambo inu, mukumukumbukira mwana wangayu? Anabwera mu Malichi," anafunsa a Anusaya.

Wogulitsayo sanaphethire n'komwe. "Ndingawaiwale bwanji, agogo? Anakwera masitepe onsewa akulira, ndinawaona ndi maso angawa. Ndinauza mkazi wanga kuti mayi uyu pemphero lake lamveka basi."

A Anusaya anatukula dzanja lawo lochira lija namudalitsa munthuyo. Mangala ataona dzanjalo likunjenjemera m'mwamba chifukwa cha bodza la munthu wofuna kugulitsa maluwa, bodza lobadwa ku bodza lake, china chake chinaduka m'kati mwake. Anagwada pafumbi pambali pa machila.

"Amayi, bamboyu sanandionepo. Ine kuno sindinafike. Ndinapita ku Tadoba ndi Sulbha kukaona akambuku. Ufa uja ndinagula padepoti ku Warora."

Wogulitsa uja anayamba kusanja maluwa amene anali osanjika kale. A Anusaya anamuyang'ana Mangala nthawi yaitali.

"Nsalu yanga ili kuti?"

"Ndinapatsa mtsikana wina wa kumeneko."

Nkhalambayo inatembenuzira nkhope kuphiri. "Nyamulani," inauza amuna aja. Mangala atadzuka kuti atsatire, inati osamuyang'ana, "Iwe tsala. Ulondere nsapato."

Anakhala pamwala maola awiri, nsapato za mwamuna wake ndi za apongozi ake zili pamiyendo, poti kukachisi sakwera ndi nsapato, anthu akumudutsa kukwera ndi kutsika. Awiriwo atatsika phiri, onse anabwerera ku Yavatmal.

Masiku anayi kapu sinalire. A Anusaya akafuna kanthu ankaitana mwana wawo ndi pakamwa, ndipo Bhaskar anapempha tchuthi. Anaphunzira kutembenuza munthu, kusintha zofunda, kutaya zam'chikho. Tsiku lachitatu Mangala anamupeza kumpopi akuchapa nsalu za mayi ake, sopo ali m'zigongono.

"Bwenzi utangondiuza," anatero Bhaskar, osakweza mutu.

"Ndinayamba kukuuzani. Munaseka."

Bhaskar anapitiriza kufikisa nsaluyo. Patapita kanthawi anati, "Ndinaseka, eti." Kuyambira mwezi umenewo, tsiku lake lopuma ankakhala ndi mayi ake kuti mkazi wake apite kumsika kapena kwa Sulbha.

Tsiku lachisanu kapu inalira. Mangala anathamanga. Anapeza kambale ka ufa katavundikiridwa pansi pa bedi, ndipo a Anusaya atatambasula dzanja lamanja pamwamba pa chofunda.

"Uyu mwamuna wako manja ake ali ngati khasu," anatero. "Tenthetsa mafuta."

Anthu a mumsewu sanauzidwe kanthu. A Anusaya sanaulule, ndipo wobwera kudzapempha ufa ankangomuuza kuti unatha. Mbiri ya Mangala inapitirira kukula, amayi ankamutchulabe pokalipira akazi a ana awo, ndipo iye ankaimva ngati mwala m'nsapato. Mawu oti ndakukhululukira sanatuluke pakamwa pa nkhalambayo, ndipo Mangala sanawapemphe. Kamodzi kokha, masana ena akusisitidwa zala, a Anusaya anafunsa maso ali kudenga:

"Mtsikana unam'patsa nsalu uja, ngwapabanja?"

"Eya, Amayi. Ali ndi mwana wamkazi."

"Aivale ndithu. M'bokosi ikanadyedwa ndi njenjete." Kenako anafunsanso: "Kumeneko unagona bwino?"

Mangala anafuna kunama, koma anali atatopa nako. "Ndinagona, Amayi. Sindinadzuke mpaka m'mawa."

"Ine sindinagone. Ndinkakuwerengera masitepe, kuopa kuti ungaterereke."

Mangala anathira mafuta ena m'chikhatho napitiriza ndi chala chotsatira.

A Anusaya anakhala zaka zina ziwiri, akudya ndi dzanja lawo mpaka sabata yomaliza. Anamwalira m'chilimwe, masana, Mangala akuwapatsa madzi. Makina adakali pakhonde paja, ndipo amene akufuna bulauzi ya ukwati ayenera kupereka nsalu kudakali mwezi wathunthu, chifukwa ntchito imam'chulukira Mangala.